Ine Mwana Wanu

Chinsapo 2,
Lilongwe.
4 Malichi, 2024.

KUPITA KWA: Abambo Ezekiel Kadzakumanja, Mutu wa Banja, ku Lizulu.
KUDZERA MWA: Achemwali Felesita.
MUTU: KUDZIWITSA ZA NTCHITO YOMWE NDAPEZA

Olemekezeka Abambo,

Poyamba ndipereke ulemu kwa inu ndi kwa onse amene ali pansi pa denga lanu. Ngati mwadzuka bwino, ndiye kuti pemphero langa lamveka. Kuno tilipo. Mpongozi wanu Tiyese akupeza bwino, ndipo a kuchipatala akuti mlendo tikumuyembekezerayo afika m'nyengo yozizira.

Chachiwiri, ndikudziwitseni mwachisoni kuti foni yanga idabedwa m'depoti sabata yatha. Pa chifukwa ichi ndabwerera ku pepala. Ndikudziwa kuti inu Abambo simudandaula, poti chipumireni ntchito ya kuchigayo makutu anu sagwirizana ndi foni. Kalatayi ndapatsira a Yasir, kondakitala wa minibasi ya ku Ntcheu, kuti aisiye pagolosale ya pasiteji.

Chachitatu, chomwe ndi mutu weniweni wa kalata ino, ndasiya kusenza matumba pashopu ya simenti. Ndalembedwa ntchito yolemba makalata. Ndilongosole mwandondomeko kuti pasakhale chokayikitsa.

Bwana wanga ndi a Jones, ejenti wa nyumba ndi mapuloti, ndipo ofesi yawo ili ku Biwi. Iwo amasaka nyumba zakale m'Kawale, Biwi ndi Area 23, n'kupezera anthu a ndalama amene amagumula ndi kumanga zatsopano zochititsa lendi. Kale ankasindikiza timapepala pamakina, koma anthu ankangokulungira mandasi kapena kuyatsira mbaula. Ndiye adazindikira kuti kalata yolemba pamanja munthu sataya. Amaitsegula msanga poganiza kuti yachokera kwa mbale.

Tsiku lina adabwera kudzagula simenti, nandipeza ndikulemba mitengo pabolodi. Adati, "Aise, dzanja ili ndi lako? Sukulu udalekeza pati?" Ndidati Sitandade 6. Adati, "Zasukulu zisiye, ine ndikufuna dzanja basi."

Malamulo a ntchitoyi ndi awa. Pepala likhale long'amba m'kope la ana a sukulu, osati loyera la mu ofesi. Cholembera chikhale cha buluu. Envelopu ikhale yaing'ono, ya khaki, yopanda chidindo. Lamulo lomwe limandiwawa ndi lakuti m'kalata iliyonse ndizilakwitsa dala mawu amodzi n'kufufuta, kuti woilandira aone kuti walemba ndi munthu. Ndikamaliza, anthu a kabaza amatenga n'kumakalowetsa pansi pa mageti. Komwe apita ine sindidziwa. Ntchito yanga imathera patebulo.

Mawu ake ndi amodzimodzi tsiku lonse, ndipo ndawaloweza ngati katekisimu:

"Okondedwa eni nyumba ino, ndakhala ndikudutsa pano kawirikawiri, ndipo nyumba yanu ndimaikonda. Ndikufuna malo oti ndikhazikike ndi banja langa. Ngati mungaganize zoigulitsa, chonde imbani nambala ili m'munsiyi, mufunse a Jones."

Ndidafunsa kuti, "Bwana, banja lake liti?" Adati, "Aliyense wogula ali ndi banja. Lemba."

Kumapeto iwo adaika kuti "Wanu pa malonda". Ine ndidaona kuti ndi mawu ouma. Eni nyumba zakale ambiri ndi akuluakulu a msinkhu wanu, ndipo inu mudatiphunzitsa kuti wamkulu aliyense ndi kholo. Choncho ndidasintha ndekha n'kumalemba kuti "Ine mwana wanu". Bwana ataona adakwinya nkhope, kenaka adawerenganso mokweza, nati, "Zisiye choncho. Zikukoma."

Pomaliza ndifunse za mwendo wanu ndi za kumunda, poti tikumva kuti mvula idadula. Lamulungu lapitalo ndidadutsa ku Kawale. Nyumba yanu ili bwino, Amayi Peggy a lendi aja akuisamala, ndipo mango omwe adabzala malemu Amayi apitirira denga. Sindidalowe poopa kusokoneza anthu a lendi.

Ndikuyembekezera yankho lanu mwaulemu.

Weston.

*

Lizulu,
22 Malichi.

Mlongo wanga Weston,

Moni. Ife tilipo, kupatula mwendo wa Abambo womwe ukumatupa kukazizira. Chimanga chaka chino usachiwerengere, chinapserera chisanabereke.

Foni yako ndaimba mpaka chala kuwawa, akungoyankha ndi mayi uja wonena kuti nambala siikupezeka. Chaka chino sunatilembereko ngakhale mzere umodzi. Ndiye kalata ikati ibwere, ibwere yotere?

Lachiwiri Amayi Peggy, amene amachita lendi m'nyumba ya ku Kawale, anabwera kudzapikula mbatata pamsika pano monga amachitira sabata iliyonse. Anafika kunyumba nkhope ili gwa, n'kutulutsa envelopu yomwe anaipeza pansi pa geti. Anati, "Agogo, ngati mukufuna ndituluke mungondiuza pamaso, osati zoponyerana makalata ngati chibwenzi." Abambo atangoona pepalalo, asanavale ndi magalasi omwe, anati, "Ili ndi dzanja la Weston." Ine ndinatsutsa. Nditawerenga mpaka pansi pomwe walemba kuti "Ine mwana wanu", nanenso ndinavomera.

Weston, unayamba liti kudutsa pa nyumba ya bambo ako ngati mlendo n'kumaikonda? Nyumba yomwe unakuliramo? Nanga a Jones ndi ndani? Abambo akuti ndi nkhoswe yako. Akuti wachita mwaulemu, nkhani yaikulu munthu sanena yekha, amatuma.

Tsiku lonse anakhala pakhonde kalata ili pamwendo. Dzuwa litapendeka anati, "Ine ndili ndi zipinda zitatu mumzinda, mwana wanga akugona m'kachipinda kamodzi ka lendi, mkazi ali ndi pakati. Wachita kusowa polowera." Anandiuza kuti ndiimbe nambala ija. Ndinati tiyambe tamufunsa mwini wake. Anati, "Ukamufunsa achita manyazi, abweza mawu. Imba."

A Jones akowo ndi munthu wa pakamwa potsekemera. Ndinawauza monga anandituma, kuti Abambo avomera, mtengo anene yekha mwanayo. Anati, "Mayi, Mulungu akudalitseni, mwanayo asangalala kwambiri." M'mawa mwake anaimba n'kutchula ndalama yoti singagule ngakhale puloti yopanda kanthu ku Chigwirizano. Ndinawafuulira Abambo m'khutu kawiri kuti mwina sanamve. Anati amva, ndi zomwe mwana wakwanitsa. Agwirizana kuti Loweruka pa 13 Epulo Abambo abwere kumeneko ndi mapepala a puloti kudzasaina.

Ine sindikukana kuti ukhale ndi pokhala. Koma lendi ya nyumba imeneyo ndiyo mankhwala a Abambo, ndiyo feteleza, ndipo chaka chino ndiyo ufa womwe. Kakadzatha kandalama kakoko tidzalowera kuti? Unaganizapo zimenezi, kapena nkhoswe yakoyo ndiyo ikukuganizira?

Ndalemba mobisa, Abambo andiletsa kukufunsa. Ndipatsira Amayi Peggy akabweranso. Akuti kwanu ku Chinsapo sakudziwako, koma ukadutsa akupatsa, poti ndiwe munthu wodutsa kawirikawiri.

Undiyankhe. Moni kwa mlamu wanga Tiyese, iye ndilibe naye mlandu.

Ndine mlongo wako,
Felesita.

*

Chinsapo 2,
Lilongwe.
26 Malichi, 2024.

KUPITA KWA: Abambo Ezekiel Kadzakumanja, Mutu wa Banja.
MUTU: KUKUMBUTSA ZA KALATA YOYAMBA NDI KUPEREKA UTHENGA WABWINO

Olemekezeka Abambo,

Ndapereka ulemu monga mwa nthawi zonse. Potsatira kalata yanga ya pa 4 Malichi, ndikudziwitseni kuti mpaka lero sindinalandire yankho lililonse lochokera kumudzi. A Yasir anditsimikizira kuti adaisiya pamalo pake. Ndikhulupirira kuti mwangotanganidwa, osati kuti kwagwa zovuta.

Uthenga wabwino ndi uwu. Lachisanu Bwana Jones adalowa mu ofesi akuvina, makiyi a galimoto ali m'mwamba. Adati, "Weston, dzanja lako ndi ukonde! Mwana wanu uja wagwira nsomba yaikulu ku Kawale!" Akuti mkulu wina wokhala kumudzi wavomera kugulitsa nyumba yake mosavuta, osakangana ndi pamtengo pomwe. Akuti chiyambire ntchito ya nyumba sadaonepo zotere. Alamula kuti kuyambira tsopano makalata onse azitha ndi mawu angawo, ndipo andigulira makope atsopano ndi mpando wotsamira.

Ndidafunsa kuti ndi mbali iti ya Kawale, poganiza kuti mwina ndi munthu amene inu mukumudziwa. Adati ndisathamange, adzanditenga pagalimoto ndikaone ndekha asanasainirane. Alonjezanso kundiwonjezera kangachepe zikatheka. Ndakonza zoti ndikugulireni nsapato zofewa chifukwa cha mwendo wanuwo, zotsala tigulire beseni ndi matewera. Tiyese akuti ndisawerengere anapiye asanaswe, koma dzulo ndamupeza akufunsa mtengo wa beseni.

Ndisabise, mtima wanga ukudandaula pang'ono za mkuluyo. Munthu wogulitsa nyumba mosakangana ndiye kuti china chamupana, mwina matenda, mwina ana osamusamala. Ndamuika m'mapemphero anga.

Chonde Achemwali andiyankheko ngakhale mwachidule.

Weston.

*

Lizulu,
Lachisanu Loyera.

Mwana wanga Weston,

Ndalemba ndekha, Felesita ali kutchalitchi. Ukaona zilembo zikukwera ndi kutsika, ndi dzanja, si mtima.

Kalata yako ya za nyumba ndidalandira. Usaope. Sudalembe dzina, koma g wako uja wokhala ngati mbedza ndimamudziwa. Udamuphunzira pa mapepala a matumba a simenti, mayi ako a Nangozo atakugwira dzanja, ife tikukweza khoma la nyumba yomweyo. Iwe chiyambire sulakwitsa polemba. Koma pa mawu oti banja udalakwitsa n'kufufuta. Pamenepo ndidaona kuti dzanja lidanjenjemera, ndipo nanenso ndidayamba ndavula magalasi.

Chikhalire iwe sunandipempheko kanthu. Utasiya sukulu kuti uzidikirira mayi ako kuchipatala sudadandaule. Utakwatira sudandipemphe ngakhale mbale. Ndinkati mwina mwanayu adaona kuti bambo ake alibe chopereka. Lero wapempha. Ndikugona tulo tabwino.

Ukufuna kugula ngati mwamuna, osati kupatsidwa. Ndamva. Ndalama yomwe wanena ndi yokwana. Za ine usade nkhawa, ndidya zomwe adya ena. Mlongo wako alongolola masiku angapo, kenaka asiya.

Tsopano zoyenera kudziwa mwini nyumba. Chitseko cha kukhitchini chimafuna kuchinyamula pang'ono potsegula, osachimenya. Lata la pakona ya kum'mawa limadontha, ndidalephera kulisintha. Mango a mayi ako usadule ngakhale akugwetsa masamba padenga. Amayi Peggy uwapatse nthawi yofuna kwina. Ndi munthu wabwino, pakamwa pokha.

Ndibwera pa 13 ndi mapepala. Nkhoswe yako uiuze isavutike ndi galimoto, ndikwera minibasi. Mpongozi wanga asaphike zambiri.

Ndine bambo ako,
Ezekiel.

*

Chinsapo 2,
Lilongwe.
8 Epulo, 2024.

KUPITA KWA: Achemwali Felesita.
MUTU: KULETSA ULENDO WA PA 13 NDI KULONGOSOLA CHOMWE CHACHITIKA

Achemwali,

Monga ndanenera mwachidule pafoni ya Amayi Peggy mayunitsi asanathe, Abambo asakwere minibasi, ndipo mapepala a puloti abwerere m'sutikesi. Wogula nyumba si ine. A Jones si nkhoswe yanga, ndi bwana wanga. Tsopano ndilongosole mwandondomeko.

Lero m'mawa a Jones adanditenga pagalimoto kuti ndikaone nyumba yomwe kalata yanga idagwira. Titadutsa msika wa Kawale ndidati, bwana, kwathu ndi konkuno. Titakhota pakiyosiki ya madzi ndidati, msewu wathu ndi womwewu. Galimoto idaima pageti pathu. Ndisanatsegule pakamwa, bwana adaloza mango a Amayi nati, "Choyamba kugwa ndi chimtengo icho. Apa padutsa mdadada wa nyumba zalendi mpaka kumpanda."

Amayi Peggy adatuluka manja ali m'chiuno. Adati, "Ehe, alandilodi atsopano! Mwabwera kudzayeza makatani? Taimani ndikupatseni katundu wanu, wandilemera." Adandipatsa makalata awiri, yanu ndi ya Abambo. Yanu ndidawerenga nditaimirira. Ya Abambo ndidamalizira nditakhala pansi.

Ndidati, "Bwana, nyumba iyi ndi ya bambo anga."

Adaseka. "Eya, mwana wanu, mwana wanu! Usiye nthabwala, gwira tepi tiyeze."

Ndidati, "Sindikuseka. A Ezekiel Kadzakumanja ndi bambo anga ondibereka. Akuganiza kuti wogula ndine."

Adavula magalasi a dzuwa. "Iwe dzina lako lachiwiri ndi limeneli?" Chindilembereni ntchito anali asanandifunsepo.

Adayenda uku ndi uku pabwalo, foni ili m'manja. Kenaka adatsitsa mawu nati, "Tamvera aise. Ine sindidanamize munthu. Mayi aja ankangoti mwana, mwana, ine ndimati ndi ulemu wa kumudzi. Madala avomera okha. Tiwonjezere pamtengo pang'ono, iwenso ndikuganizire bwino, aliyense apite kwawo akumwetulira. Wogula wapereka kale chikole, ukufuna ndikamuuze chiyani?"

Ndidati, "Mukamuuze kuti nyumba siili pamalonda. Abambo sakugulitsa, akupereka. Ndipo akupereka kwa munthu amene sadapemphe."

Amayi Peggy, omwe ankamva zonse ali pakhonde, adawomba m'manja. "Mwamva, achimwene? Tepi yanuyo kayezereni kwanu. Ndipo potuluka mutseke geti, nkhuku zanga sizili pamalonda." Atatero adandibweretsera madzi akumwa, nati, "Pepa mwanawe, ndakutukwana mumtima masabata atatu. Zina ndakutukwana mokweza."

Bwana adaliza galimoto n'kundisiya pomwepo. Masana ndidayenda wapansi mpaka ku Biwi kukabweza zolembera ndi makope. Ndidati, "Mawu onse a m'kalata ndi anu, koma atatu a kumapeto ndi anga, ndawatenga." Adati, "Mawu alibe mwini. Mawa ndipeza dzanja lina." Sadandikalipire, ndipo adandipatsa malipiro a masiku omwe ndagwira. Ntchito yathera pamenepo. Chomwe chikundivuta ndi chakuti makalata ambiri adapita kale. Ndikungopempha Mulungu kuti pasapezeke kholo lina lomwe mwana wake amalemba ngati ine.

Kuchoka apo ndidakasaka a Yasir m'depoti. Ndapeza kuti adawasinthira ku minibasi ya ku Mchinji kalekale, koma ankachita manyazi kunena. Makalata anga awiri akhala akupita ku Mchinji ndi kubwerako m'thumba la jekete lawo. Ndawaika m'envelopu ino kuti akhale umboni, ndipo Amayi Peggy abwera nawo mawa.

Achemwali, muwawerengere Abambo zonse, osadumpha. Za pofufuta paja muwauze mofatsa. Ndinkalamulidwa kulakwitsa dala. Makalata onse a sabata imeneyo ndidafufuta pa mawu oti banja, chifukwa pamenepo ndi pomwe mzere unkathera.

Weston.

*

Lizulu,
12 Epulo.

Mlongo wanga,

Pepa. Ndinakuganizira zoipa, ndipo mawu ena a m'kalata ija ndawameza ndekha. Ino ndapatsira amuna awo a Aleke, oyandikana nafe, amene akubwera ndi kabichi kumeneko. Asiya kwa Amayi Peggy.

Ndawawerengera Abambo zonse monga unanenera, ndikufuula mpaka mudzi wonse kumva. Pa nkhani ya a Yasir anaseka mpaka kutsokomola. Pa nkhani yodula mango ananena mawu omwe sindingalembe, mkulu wa mpingo wathunthu. Ine ndinati basi zatha bwino, nyumba yapulumuka.

Koma nditafika pa zofufuta dala, anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anati, "Onse?" Ndinati onse. Anatulutsa kalata ija m'Baibulo momwe ankaisunga, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ndiye kuti mwanayu sanandipemphe kanthu." Anaipinda n'kundipatsa kuti ndiyatsire moto. Sindinayatsire.

Weston, masabata apitawa Abambo anali munthu wina. Anapita okha kukametetsa, mwendo womwewo. Anachapitsa jekete lomwe anavala paukwati wako. Aliyense wodutsa pamsewu ankamuimitsa n'kumuuza kuti akupita ku Lilongwe kukapereka nyumba kwa mwana. Ine ndikupsa mtima, iwo akung'ung'udza nyimbo. Tsopano mapepala abwerera m'sutikesi, iwonso abwerera pakhonde. Akudya pang'ono. Sakukwiyira iwe, akuti unachita bwino. Dzulo ndinawapeza akupinda jekete lija kuti alibwezere pansi pa sutikesi. Ndinawalanda n'kulipachika kuseri kwa chitseko.

Ine zolemba mwadongosolo ngati iwe sindizitha, ndiye ndinene mwachindunji. Ntchito ulibe. Lendi ya ku Chinsapo ikukudikira. Mwana ali m'njira. Usandiuze kuti palibe chomwe ukusowa. Kudzilimbitsa kumeneku munatengerana, iwe ndi iwo, ndipo ine ndatopa kukhala pakati. Uwapemphe kanthu. Nyumba yonse ayi, ndingakuswe. Koma uwapemphe.

Felesita.

*

Chinsapo 2,
Lilongwe.
15 Epulo, 2024.

KUPITA KWA: Abambo Ezekiel Kadzakumanja, Mwini Puloti ya ku Kawale.
KUCHOKERA KWA: Weston, popanda nkhoswe.
MUTU: PEMPHO LA MALO

Olemekezeka Abambo,

Ndapereka ulemu kwa inu ndi kwa onse a pakhomo. Kalata ino ndi imodzi yokha, ilibe inzake, ndipo palibe amene wandiuza mawu.

Ine ndine mwamuna wokwatira, wopanda ntchito pakadali pano, wokhala m'chipinda chimodzi cha lendi momwe mvula ikagwa timasuntha mphasa. Mkazi wanga watsala pang'ono. Kalata ija idati ndakhala ndikudutsa pa nyumba yanu kawirikawiri. Pamenepo siidaname. Ndinkaima kutsidya kwa msewu n'kumayang'ana kuseri, pakati pa mango ndi mpanda, pomwe Amayi ankalima mpiru. Ndinkayeza ndi maso. Tizipinda tiwiri tikwanapo. Sindinkanena poopa kukusenzetsani katundu, poti mudasenza kale wokwanira. Sindinkadziwa kuti kukhala chete kwanga kunali katundu wina.

Choncho ndikupempha, ndikupempha kuti mundilole kumanga pamalo amenewo. Njerwa ndiumba ndekha nyengo ino ya dzuwa, ndipo a shopu ya simenti avomera kuti ndibwerere pa matumba. Amayi Peggy asasunthe, ndipo lendi yawo izifika kwa inu monga kale. Ndawafunsa maganizo awo. Akuti bola mwanayo asatengere kulongolola kwa azakhali ake, koma ponena zimenezi anali atayamba kale kuchotsa khola la nkhuku pamalopo. Ndalama yogulira malowo ndilibe ngakhale tambala. Sindikugula ngati mwamuna. Ndikupempha ngati mwana.

Pempho lachiwiri ndi lakuti mubwere ndithu. Ndamva kuti jekete lidachapidwa kale. Ine chingwe cha maziko sindidziwa kukoka, ndipo mizu ya mango ndikuopa kuidula. Mudzakhale pampando pamthunzi muziloza ndi ndodo, ine ndizikumba. Lata lodontha lija tidzasinthire limodzi, inu mukunena, ine ndili padenga. Mapepala a puloti asiyeni m'sutikesi momwemo, sakufunika.

Muona kuti pamwambapa, pa mawu oti ndikupempha, inki yafalikira ndipo ndalemba kawiri. Ndimafuna kuyambanso pa pepala lina, koma Tiyese wandilanda kope. Pamenepo si padala.

Yankho lanu lidzere mwa Amayi Peggy, osati a Yasir.

Ndikutsimikiza pamaso pa Mulungu kuti zonse ndalemba pano ndi zoona, ndipo dzanja ndi mawu omwe ndi zanga.

Ine mwana wanu,
Weston Ezekiel Kadzakumanja.